Tsiku Limene Ilona Anaona Sara

"Ndani anakutumani kuti mupachike nkhope yanga pamapolo a magetsi ngati ya mbava yothawa kundende? Ndikufunsa inu a Rinus. Musandiyang'ane ngati nsomba zanu zakufazo."

Ameneyo anali Ilona wogulitsa maluwa, Loweruka m'mawa, pakati pa msika wa tauni yathu ino ya m'chigawo cha kummwera cha Brabant, mapepala ong'ambika ali m'manja. Pambali pa benchi lake panakhala chidole chachikulu ngati munthu, cha imvi mbuu, chovala magalasi ndi epuloni ya maluwa. Kuno kwathu mkazi akakwanitsa zaka makumi asanu timati waona Sara, monga mwamuna timati waona Abrahamu, ndipo anzake ngati amamukondadi samusiya. Amamuikira chidole cha nkhalamba, n'kumata chithunzi chake msewu wonse kuti wodutsa aliyense aimbe hutala. Anzake a Ilona anachitanso zomwezo. Kuchokera pamlatho mpaka pakhomo la tchalitchi, polo iliyonse inali ndi nkhope yake ikuseka.

Rinus, wogulitsa nsomba yemwenso ndi wapampando wa bungwe la amalonda, anapukuta manja ku epuloni uku akumwetulira ngati munthu amene akudikira kuti nthabwala ithe.

"Aa, mayi, n'chikondi chimenechi. Ineyo nditaona Abrahamu anthu awa anamata chithunzi changa mpaka kuchimbudzi cha kusiteshoni. Ndinalira? Makasitomala anachita kuchuluka."

"Nkhope yanu ndi yanu, mukhoza kukulungira nayo nsomba. Ndikunena yanga."

Toos wogulitsa tchizi, mayi wachikulire amene benchi lake lagundana ndi la Ilona kwa zaka zonsezi, anatulukira manja ali m'chiuno.

"Iwe Ilona, chidolechi ndasoka ndine, ndi maso anga ofookawa. Wigiyo ndi ya malemu mlamu wanga. Ndi zikomo yomwe ulibe?"

Ilona anayang'ana pepala limodzi limene linatsala lathunthu m'dzanja lake. Chithunzicho chinali chabwino, chooneka bwino mpaka chipsera cha pachibwano. Kumbuyo kwake kunkaoneka chikwangwani cha benchi lake ndi nsanja ya tchalitchi.

"Munandijambula liti?"

"Nthawi yotentha ija, pamene galu anandibera nsomba," anatero Rinus. "Munaseka mpaka kuchotsa chipewa. Ndinati mwayi uwu sudzabweranso."

"Chili kutinso kwina?"

"Patsamba la msika basi, pa intaneti. Chakhalapo sabata yonseyi, inuyo simupitako n'chifukwa chake simunachione. Anthu achikonda, mayi. Ena mpaka achigawana."

Apa Ilona anasiya kukalipa. Anangokhala pansi pandowa yovundikira, mapepala aja n'kugwera m'madzi. Toos, amene anali atakonzeka kulimbana naye mpaka masana, anaona milomo ya mnzakeyo itayera, ndipo anatsitsa manja.

Tsono lekani ndikuuzeni za mayi ameneyu, chifukwa pali ena a pakamwa pothwa amene akuti anali wonyada. Wonyada sanyamula ndowa zamadzi m'chisanu manja atang'ambika. Wonyada sakongoletsa bokosi la maliro a mnzake wapamsika mpaka zala kutuluka magazi. Ilona anafika m'tauni muno zaka zoposa makumi awiri zapitazo, khanda lili m'manja, chikwama chimodzi kumsana. Anayamba ndi kusesa m'sitolo ya maluwa, kenaka kumanga timitolo, mpaka anapeza malo akeake pamsika. Ankadziwa duwa loti lifota mawa pongoligwira tsinde. Mwamuna akabwera ndi nkhope yolakwa, iye ankangoti, "Mwapalamula chachikulu kapena chaching'ono?" n'kumumangira mtolo wolingana ndi mlanduwo. Maluwa onse ankagulitsa kupatula amodzi, mafureziya oyera. Ukawafuna ankakulozera kwina. Ankati fungo lake limamupweteka mutu.

Anali ndi tizikhalidwe take timene anthu ankatinena. Kuno munthu satseka makatani, wodutsa amaona mpaka zimene zili patebulo, ndipo wotseka timati ali ndi chobisa. Ilona ankatseka. Pabelu la pakhomo pake panalibe dzina. Alendo akaimika foni kuti ajambule maluwa, iye ankawerama ngati akufuna lumo pansi pa benchi. Pachithunzi cha bungwe cha chaka ndi chaka nthawi zonse ankapezeka kuti wapita kukatunga madzi. Anthu ankati amachita manyazi ndi chipsera chija, ndipo iye ankawalola kuti aziganiza choncho.

Zoona zake n'zakuti dzina loti Ilona linali lachiwiri pachiphaso chake. Kwawo kumpoto, ku Friesland, ankamutchula kuti Geertje, mkazi wa Wiebe woyendetsa galimoto yotolera mkaka m'mafamu. Wiebe anali munthu wokondedwa. Ankaimba lipenga m'bandi ya m'mudzi, ankathandiza okalamba kuchotsa chipale chofewa pakhomo, ndipo chala chake chamkombaphala chimene chinadukira pakati ndi makina ankaseketsa nacho ana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'nyumba ankamenya mosakalipa, mwadongosolo, ngati munthu amene akugwira ntchito imene waizolowera. Chipsera cha pachibwano chinachokera pampopi wa kukhitchini. Tsiku limene anagwira khanda mwendo umodzi n'kufunsa mkazi wake ngati akufuna kuona mmene limagwera, Geertje anadikira kuti galimoto ya mkaka ikhote pakona, n'kutuluka osatseka chitseko.

Anakhala kaye kunyumba yobisalako amayi othawa nkhanza. Wiebe anamangidwa kwa kanthawi, ndipo asanamutenge anauza mlongo wake wa Geertje mawu oti akamuuze: "Ndilibe changu. Ndidzamupeza ngakhale atamera imvi." Amayi a kunyumba yobisalako aja anamuphunzitsa kubisala, ndipo anaphunzira bwino. Osaimbira foni kwawo. Osapita kumaliro a bambo ake. Osauza mnzake aliyense, ngakhale Toos amene ankagawana naye khofi ndi mkate tsiku lililonse la msika. Kalankhulidwe ka kumpoto anakameza mpaka anayamba kukoka mawu ngati wobadwira kuno. Anabisala kwa anthu a maso ndi makutu, ndipo anawapambana onse.

Tsiku la Sara lija Rinus anachotsa chithunzi patsamba la msika dzuwa lisanafike pamutu, uku akung'ung'udza kuti akazi ena sudziwa chowasangalatsa. Amalonda anamatula mapepala onse. Toos anapinda chidole chake n'kuchiponya kumbuyo kwa galimoto. Ilona anagulitsa maluwa mpaka madzulo, chipewa chitafika m'maso.

Mawa lake masana kunabwera mwana wake Marit, khanda lija, tsopano namwino pachipatala cha m'tauni yoyandikana nayo, ali woyembekezera. Iye yekha ndi amene ankadziwa nkhani yonse. Anamva zimene zinachitika uku akuzunguza supuni m'kapu.

"Achichotsa, eti?" anatero Ilona. "Ndiye kuti zatha. Munthu wa ku Friesland angakafune chiyani patsamba la msika wa kuno?"

"Amayi, masiku ano munthu safunika kudziwa kumene akufuna. Amangofunika nkhope."

"Lankhula zomveka, mwanawe."

Marit anafotokoza. Pali makampani amene makina awo amayendayenda pa intaneti ngati linthumbu, kutola chithunzi chilichonse chimene munthu waika poyera, cha ukwati, cha mpira, cha maliro, osafunsa mwini wake. Nkhope iliyonse amaiyeza n'kuisunga. Ndiye aliyense akhoza kubwera ndi chithunzi chimodzi, n'kuwauza kuti ndipezereni munthu uyu.

"Ine ndakalamba. Ndanenepa. Tsitsi lija linali lofiira."

"Sayang'ana tsitsi. Amayeza mafupa, ndi mpata wa pakati pa maso. Zimene sizisintha."

Ilona anaimirira n'kutenga chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. M'menemo munali chithunzi chimodzi chokha cha moyo wakale, mtsikana wowonda wa tsitsi lalitali atanyamula khanda. Anachiika patebulo.

"Yesa."

"Tikayesa ndiye kuti tawapatsanso china."

"Ndati yesa. Ndikufuna ndione zimene iye angaone."

Marit anachijambula ndi foni n'kuchitumiza. Khofi asanazizire yankho linali litabwera. Choyamba chinali chithunzi cha Rinus, chomwe chija chinachotsedwa dzulo lake, chili chonse ndi chikwangwani ndi nsanja ya tchalitchi. Madzi akatayika saoleka. Koma sichinali chokha. Panali Ilona kumbuyo kwa alendo awiri osawadziwa amene ankadzijambula atanyamula maluwa. Panali Ilona m'chinamtindi cha anthu oonerera zovina za m'misewu, theka la nkhope litabisika ndi phewa la munthu. Panali Ilona akukwera njinga kuseri kwa nyumba imene inkatsatsidwa malonda. Zithunzi zimene sankadziwa n'komwe kuti zilipo, zaka ndi zaka, zitandandalikidwa bwinobwino ngati munthu wina anakhala akumutsatira moyo wake wonse. Zakalezo sizinkanena dzina kapena malo enieni. Cha Rinus chinanena zonse.

Chomaliza chinajambulidwa ndi kholo lina tsiku limene ophunzira unamwino ankalandira masatifiketi. Pakona pake panali Ilona, dzanja lili paphewa la Marit, ndipo dzina la sukuluyo linali pakhoma.

"Ndinaweramatu tsiku limenelo," anatero Ilona motsitsa mawu. "Ndimakumbukira. Ndinawerama."

"Bambo anga aja ali ndi zithunzi zanu?" anafunsa Marit.

"Buku lonse la ukwati."

Anafufuza njira yoti chithunzi chichotsedwe. Njirayo inalipodi, yolembedwa mwaulemu kwambiri. Kampaniyo inkati wofuna kuchotsedwa atumize chithunzi chatsopano cha nkhope yake, chooneka bwino, pamodzi ndi chiphaso chake. Ilona anaseka kaseko kouma.

"Ndiye kuti fisi akuti, kuti ndisakudye, undionetse pamene umagona."

Anapita kupolisi. Anamulandira bwino, zimenezo sindinganame. Wapolisi wake anali waulemu, anamupatsa khofi, anamvetsera mpaka kumapeto osamudula.

"Bambowo akuopsezani posachedwapa, mayi?"

"Ayi."

"Mwawaona m'tauni muno?"

"Ndikadzawaona ndiye kuti mwachedwa."

Wapolisiyo anakanda m'mutu. Anati chiletso chimene khoti linaika choti Wiebe asamuyandikire chinatha mphamvu kalekale. Anati kampaniyo ili kunja kwa dziko, kumene dzanja lawo silifika. Anati palibe umboni woti Wiebe wafufuzadi, ndipo kampaniyo siingawauze amene wafufuza chifukwa imateteza chinsinsi cha makasitomala ake. Mwamva zimenezo? Chinsinsi cha wosaka chili ndi mlonda, cha nyama chili pamtetete. Anamupatsa nambala yoti aimbe chikachitika chilichonse, n'kumuperekeza mpaka pakhomo.

Kwa kanthawi kunali zii. Masamba anayamba kuyoyoka, msika unadzaza ndi maungu, Ilona anayambanso kunyoza nsomba za Rinus. Koma maso ake sankakhazikika. Mwamuna wamtali aliyense wodutsa ankamuyang'ana m'manja asanamuyang'ane kumaso.

Ndiye tsiku lina Rinus anabwera ndi khofi wopepesera, n'kunena mongocheza:

"Mbiri yanu yafika patali, mayi. Kunaimba bambo wina kufunsa kuti benchi la maluwa limatsegula masiku ati. Ndinamuuza kuti Lachitatu ndi Loweruka, mvula kaya dzuwa. Mwaona, chithunzi chija munandikalipira nacho chikukubweretserani makasitomala."

"Amalankhula bwanji?"

"Bwinobwino, mwaulemu. Kungoti mawu ake ndi ouma, ngati a kumpoto uko."

Ilona anaika kapu pansi osamwa.

Lachitatu lotsatira sanabwere, anati msana wavuta. Loweruka litafika, Toos anamuyamba akutsitsa ndowa m'galimoto.

"Unaphonya zoseketsa, chemwali. Kunabwera mkulu wina wa imvi, wamtali ngati polo, akufuna tchizi chouma chija cha kumpoto, chothira tizonunkhira takuda tonga misomali. Ndinamuuza kuti bambo, kuno timadya chakudya cha anthu, zimenezo akakugulitseni kwanu. Anaseka, munthu wansangala ndithu. Kenaka anaima apa nthawi yaitali akuyang'ana malo ako opanda kanthu. Ndinati mwina n'chibwenzi chako chimene umatibisira."

"Dzanja lake munaliona?"

"Dzanja? Ee, lamanja, chala china n'chodukira pakati. Ndinaona polandira..." Toos anasiyira pomwepo. "Ilona, ndi ndani ameneyu?"

Ndipo pamenepo, kuseri kwa galimoto, pakati pa ndowa, Ilona anamuuza zonse, mwachidule, ngati akuwerenga za munthu wina. Toos anakhala pansi pachitsulo cha galimotoyo. Mayi amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi anakhala kukamwa yasa.

"Zaka zonsezi iwe uli phee? Ine n'kumakusokera chidole?"

"Chidolecho chinali chokongola, a Toos. Sindinakuuzeni."

Toos anaitana Rinus. Rinus atamva, nkhope yake inagwa ngati nsalu yonyowa. Anabwerera kubenchi kwake, n'kubwera ndi mpeni wake wautali wotumbulira nsomba.

"Abwere. Angoyerekeza kuponda pamsika pano. Ndimutumbula ngati..."

"Bwezani mpeniwo, a Rinus, mungadzicheke. Mwandithandiza kale mokwanira," anatero Ilona.

Rinus anauza amalonda onse. Wa mazira, wa nsalu, wa njinga, aliyense anali tcheru. Anagwirizana kuti mwamuna wamtali wa imvi akangooneka, wa mazira aimbe mluzu. Msika unadzaza monga umachitira Loweruka, ana, agalu, njinga, anthu kupanikizana. Ilona anagulitsa. Anamanga mtolo wa mayi wopita kuchipatala, wina wa mnyamata wopita kwa apongozi. Dzuwa lili pamutu anapita kumpopi wa kuseri kwa tchalitchi kukadzaza ndowa, Toos akumuperekeza. Sanachedweko.

Pobwerera fungo ndi limene linayamba kumupeza. M'ndowa ya kutsogolo, pakati pa maluwa ake achikasu, munali mtolo wa mafureziya oyera, omangidwa ndi riboni yoyera, monga momwe anawanyamulira tsiku la ukwati wake. Panalibe kapepala, panalibe dzina. Mluzu sunalire. Wa mazira anali akupereka mazira, Rinus anali akukulunga nsomba, ndipo onse analumbira kuti sanaone munthu.

Anaimba nambala ija. Apolisi anabwera awiri, anayang'ana maluwawo, anafunsa ngati pali amene anaona kanthu. Mmodzi anati, mosafuna kunyoza, kupatsa munthu maluwa si mlandu, koma alemba. Analemba.

"Usachoke," anatero Toos atapita apolisi. "Ubwere ukagone kwathu. Tikulondera tonse, mosinthana. Mwamuna wanga sagona kale ndi kale, angopeza chochita."

"Mundilondera mpaka liti, a Toos? Munthu ameneyu wadikira zaka zonsezi. Inu mudzatopa, iye satopa. Ndiponso si ine ndekha. Marit ali pachithunzi china, ndipo dzina la sukulu yake lili pakhoma."

"Ndiye upita kuti?"

"Sindikuuzani. Mungadzandisokere chidole china."

Anayesa kuseka onse awiri koma sizinatheke. Ilona anamasula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kuiika pabenchi. Anachotsa chikwangwani cha dzina lake n'kuchitembenuzira pansi.

"Ulendo woyamba ndinasiya dzina, ndinasiya mudzi, ndinasiya kalankhulidwe, ndipo zinatheka. Panopa ndisiye chiyani? Nkhope sindingaivule. Kumene ndikupitako kulinso anthu a mafoni. Tsiku lina mwana wa munthu adzajambula galu wake ine ndikudutsa kumbuyo, basi."

Anauza Toos kuti maluwa otsalawo agawire anthu asanafote, kupatula oyerawo. Anakwera galimoto yake dzuwa likuswa mtengo, msika uli m'kati, n'kukhota pamlatho pomwe nkhope yake inapachikidwa. Pasanapite nthawi Marit nayenso anasiya ntchito kuchipatala n'kusamuka, mimba ili pafupi kuthyoka. Kumene mwanayo anabadwira sitikudziwa, ndipo n'chabwino kuti tisadziwe.

Malo a Ilona akadali opanda munthu. Toos salola aliyense kuikapo ngakhale bokosi. Rinus anatula pansi upampando ndipo sajambulanso ngakhale zidzukulu zake. Ena akuti wolakwa ndi iyeyo. Zachabechabe. Rinus anachita zimene makolo ake ankachita, kusangalalira mnzake wofika pa Sara. Kale pepala lotere linkanyowa ndi mvula n'kuthera pomwepo. Wiebe ndi chilombo, inde, koma chilombocho chinakhala chikununkhiza zaka zonsezi osapeza njira. Pali wina amene anachigwira padzanja n'kuchifikitsa pandowa ya maluwa.

Ameneyo ndi amene tikumufuna. Anatola nkhope ya mayiyu osapempha, anaiyeza, anaisunga, n'kuipereka kwa munthu woyamba kuifunsa, ndipo lero wakhala mu ofesi yofunda kwinakwake, nkhope yakeyo sitikuidziwa. Yanunso ili m'nkhokwe yake, musadzinamize, ndi ya ana anu yomwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo inu akuluakulu amene mumabwera pamsika pano nthawi ya zisankho kudzagawa maluwa, maluwa ake ogula kwa Ilona yemweyo, musatiuze kuti dzanja lanu silifika. Ngati makina anatha kupeza mayi mmodzi wowerama pansi pa benchi, inu simungalephere kupeza mwini makinawo. Mupezeni, mumubweretse Loweruka, aime pamalo opanda kanthu aja pakati pa tchizi ndi nsomba, atiyang'ane m'maso, atiuze amene anamupatsa nkhope ya Ilona.